MFUTI YOMENYA PHEWA SI MFUTI YAMPHAMVU AYI

 Uthengawu ndi wautali, khalani pansi kaye.

Pali bodza limene likuyenda pakati pa anyamata, ndipo likamanenedwa pabawo kapena pamsika aliyense amangogwedeza mutu ngati ndi vesi. Akuti chifefe chabwino ndi chopepuka, chachifupi, choti ukakhethemula phewa lichite dzanzi mpaka mawa. Akuti chikamenya kwambiri ndiye kuti n'champhamvu. Ena afika pomanyadira mikwingwirima ya paphewa, kuvula malaya kuonetsa anzawo. Ine ndikuti limeneli ndi bodza, ndipo likupha nkhanga ndi nkhwali popanda wozidya. Mbalame yolasidwa mwendo kapena m'mimba siigwa pomwepo. Imathawira m'tchire, imakafa patapita masiku awiri, n'kudyedwa ndi nyerere. Mlenje uja amabwerera kunyumba chimanjamanja n'kumati zinali patali.

Ine ndine mwana wa msodzi, ndakulira m'bwato ku Nkhotakota. Kuno ndimabwera ndi usipa. Chimene bambo anandiphunzitsa ndi nkhafi, si mfuti. Koma ndayenda m'tchire ndi alenje achikulire okhala ndi ziphaso zawo, ndawanyamulira thumba, ndamvetsera, ndipo masamu ake ndawerengera ndekha. Ndiye musandiuze kuti wa kunyanja akudziwa chiyani. Nkhani ya kulemera kwa chinthu ndi pamene kulemerako kwakhala, palibe amene amaidziwa kuposa munthu woti akapakira molakwika amamira.

Tiyambe ndi kumenyako.

Chifefe sichitulutsa chipolopolo chimodzi ngati mfuti ya asilikali. Chimatulutsa machaka, timipira tamtovu tambirimbiri, tothamanga pafupifupi mamita 400 pa sekondi imodzi. Machakawo akamapita kutsogolo, mfuti imakankhidwa m'mbuyo. N'chimodzimodzi munthu akadumpha kuchoka m'bwato: kabwato kakang'ono kamathawa m'mbuyo ndi liwiro, pomwe boti lamatabwa lodzaza ndi chilimira limangogwedezeka pang'ono. Wodumphayo ndi mmodzi yemweyo. Chasintha ndi kulemera kwa chimene wadumphapo.

Ndiye onani. Chipolopolo cha machaka a magalamu 32 mukachiika m'mfuti ya makilogalamu 2.7, mfutiyo imabwerera paphewa panu ndi liwiro la pafupifupi mamita 4.7 pa sekondi. Chipolopolo chomwecho m'mfuti ya makilogalamu 3.6, liwiro limatsika kufika pa mamita 3.6. Mbalame ikulandira machaka omwewo, othamanga chimodzimodzi. Kusiyana kuli paphewa panu basi. Tsono mphamvu imene mukunyadirayo ikupita kuti? Ikupita m'thupi mwanu, amwene. Nkhanga siikumvako n'komwe.

Zimenezi sizinadziwike dzulo. Mfuti imene akuluakulu amaitchula kuti gilina dzina lake linachokera kwa W. W. Greener, wosula mfuti wa ku Birmingham, amene analemba buku lotchedwa The Gun and its Development m'chaka cha 1881. Kwa iyeyo n'kumene kunachokera lamulo limene osula mfuti amalitchulabe mpaka lero, lakuti mfuti izilemera kuchulukitsa ka 96 kulemera kwa machaka amene ikuombera. Tengani foni muwerengere. Magalamu 28 akufuna mfuti ya makilogalamu 2.7. Magalamu 32 akufuna yoposa pang'ono makilogalamu 3. Magalamu 36 akufuna ya pafupifupi makilogalamu 3.5. Tsono chifefe cha paipi imodzi cha Baikal, chija cha ku Russia, chimalemera pafupifupi makilogalamu 2.8. Mnyamata akaikamo chipolopolo cholemera kwambiri chimene wachipeza, poganiza kuti wachenjera, waphwanya lamulo la mwini gilina amene amamutamayo.

Mwina muti, phewa ndi langa, likapweteka n'zanga. Ayi, sizithera paphewa. Thupi silipusa. Likamenyedwa kawiri katatu limaphunzira. Ulendo wachinayi, chala chisanakhethemule n'komwe, maso amatsinzina okha, tsaya limachoka pamtengo wa mfuti, phewa limadzikankhira kutsogolo kuti lidziteteze. Mwiniwake sadziwa kuti akuchita zimenezo. Paipi imagwa pansi pang'ono, machaka ambiri amadutsa pansi kapena m'mbuyo, awiri atatu okha ndi amene amakhudza mbalame. Nthenga zimauluka, mbalame imapitirira. Ameneyo ndiye mlenje wa phewa lofiira uja.

Tsopano tibwere ku balansi, pamene ambiri amasokonezeka. Kulemera ndi nkhani ina, pamene kulemerako kwakhala ndi nkhani inanso.

Inu a kunyanja mukudziwa. Tengani mabwato awiri ofanana, muikemo nsomba zolemera mofanana. M'bwato loyamba nsomba muziunjike pakati. M'lachiwiri muzigawe, theka kutsogolo kwenikweni, theka kumchira. Onse awiri akhala bwinobwino pamadzi, palibe lopendekera. Koma yesani kukhota. Loyamba limamvera nkhafi nthawi yomweyo. Lachiwiri limachedwa kuyamba kukhota, ndipo likayamba limavuta kuliimitsa. Ndiye pali lachitatu, limene nsomba zonse zili kumchira, mphuno ili m'mwamba. Limenelo kamphepo kalikonse kamalitembenuza, silisunga njira.

Mfuti n'chimodzimodzi. Chifefe chothyola pakati, chikakhala chopanda chipolopolo (ndipo muyambe mwaonetsetsa ndi maso anu kuti mulibe), mukachikhazika pachala chimayenera kukhazikika pafupi ndi pamene chimathyokera paja. Pamenepo ndi pakati pa manja anu awiri mukachigwira. Chikakhazikika kutsogolo kwa pamenepo, ndiye kuti paipi ndi yolemera: chimachedwa kunyamuka koma chikayamba kutsata mbalame chimayenda mosalala. Chikakhazikika m'mbuyo, paipi ndi yopepuka: chimathamanga kufika paphewa, koma chimagwedezeka, chimadumphadumpha, ndipo chimaima msanga.

Kuima msangako ndiye tsoka lenileni. Mbalame youluka siiomberedwa pamene ili. Tiyerekeze njiwa ikudutsa chopingasa pa liwiro la makilomita 60 pa ola, pamtunda wa mamita 30. Machaka amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi kuti akafike. M'kanthawi kameneko njiwa yayenda kale mita imodzi ndi theka. Ndiye kuti paipi iyenera kukhala patsogolo pa mbalame, ndipo iyenera kupitiriza kuyenda ngakhale mutakhethemula kale. Paipi yolemera bwino imadzipitirira yokha, ngati bwato lodzaza limene mwasiya kupalasa koma likuyendabe. Paipi yopepuka imaima nthawi yomwe maganizo anu achoka pambalame n'kupita kuchala. Zotsatira zake machaka amagunda mchira ndi miyendo.

Apa ndiye ndili ndi mawu kwa inu amene mumadula paipi ndi sowo kuti mfuti ilowe m'thumba kapena m'jekete. Mwaononga zinthu zitatu nthawi imodzi. Mwachepetsa kulemera, ndiye imenya kwambiri. Mwabweza balansi m'mbuyo, ndiye siitsata mbalame. Ndipo mwadula kukamwa kwa paipi, kumene osula anakupanikiza dala kuti machaka azituluka ali pamodzi. Tsopano akumwazika ngati mpunga wotayika. Chimene mwatsala nacho si mfuti ya mlenje. Mlenje alibe chifukwa chobisira mfuti m'jekete. Wapolisi akakupezani nacho, musayembekezere kuti amva nkhani ya nkhanga.

Ngati simukundikhulupirira ine mwana wa msodzi, onani anthu amene kuombera ndi ntchito yawo. Kunja kuli masewera oombera timbale touluka. Achimwene athu ambiri a kuno ku Mzimba amene ali ku Joni anawaonapo, chifukwa kumeneko kuli mabwalo ake ndi bungwe lake, Clay Target Shooting Association of South Africa. Kambale kake n'kotambalala masentimita 11, kolemera magalamu 105, ndipo makina amakaponya pa liwiro la pafupifupi makilomita 100 pa ola. Pa masewera a Olympic, mumtundu wotchedwa trap, makina 15 amabisidwa m'ngalande mamita 15 kutsogolo kwa woombera, ndipo iye sadziwa kuti kambale katulukira mbali iti. Aliyense amaombera timbale 125 asanafike mundime yomaliza.

Ndiye funsani, akatswiri amenewa amanyamula mfuti zotani? Zolemera. Makilogalamu 3.6 mpaka 4, mapaipi aatali a masentimita 76 kapena 81. Nanga machaka? Lamulo lawo silimalola kupitirira magalamu 24. Mwamva? Mfuti yolemera, machaka ochepa. Ndi zosiyaniratu ndi zimene anyamata akuno akutama. Mukawerengera, mnyamata wa magalamu 36 m'kachifefe ka makilogalamu 2.7 akumenyedwa pafupifupi katatu kuposa katswiri wa magalamu 24 m'mfuti ya makilogalamu 3.8. Koma Nathan Hales wa ku Britain anaphwanya timbale 48 mwa 50 mundime yomaliza mu 2024 n'kutenga mendulo ya golide. Vincent Hancock wa ku America watenga golide kanayi mumtundu wa skeet, mu 2008, 2012, pa masewera a Tokyo ndi mu 2024. Ndipo kwa inu amene mumati mfuti ndi nkhani ya chifuwa chachimuna, Kim Rhode ndi mayi, anapata mendulo pa masewera a Olympic asanu ndi amodzi otsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2016. Palibe mwa amenewa amene anatchuka chifukwa cha mikwingwirima.

Timbale timeneti tili ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Kale azungu ankapikisana poombera nkhunda zamoyo zotulutsidwa m'mabokosi. Pa masewera a ku Paris mu 1900 nkhunda pafupifupi 300 zinaphedwa pabwalo. George Ligowsky wa ku Cincinnati anali atapanga kale kambale kadothi cha m'ma 1880, ndipo pang'onopang'ono anthu anasamukira kumeneko. Britain inaletsa kuombera mbalame zotulutsidwa m'mabokosi mu 1921. Phunziro lake n'lakuti munthu saphunzirira pa chinthu chamoyo. Kambale ukakaphonya palibe chimene chavulala. Ukakakhudza pang'ono kamangobenthuka, ndipo umaona ndi maso kuti waombera m'mbuyo. Koma kuno mnyamata wabwereka mfuti ya amalume, sanaigwirepo, tsiku loyamba lomwelo akuphunzirira pa gulu la nkhanga. Kodi alipo mwa inu amene anapatsidwa bwato tsiku loyamba n'kuuzidwa kuti pita pakati kuli mwera? Tonse tinayambira m'mphepete, madzi a m'chiuno, akuluakulu akutiyang'ana.

Tsopano wina anena kuti, iwe, ndiye ukuti tizinyamula chimfuti cha makilogalamu 4 m'mapiri a Viphya? Ayi, sindinatero, ndipo apa mlenje wa kumtunda ali ndi mfundo yake. Wa timbale amaima pamalo amodzi, mfuti amaitsamiza pansi akamadikira, ndipo amaombera kambirimbiri pa tsiku. Mlenje wa nkhanga amayenda kuyambira mbandakucha, kukwera ndi kutsika, kudutsa m'mizere ya chimanga ndi m'madambo, mwina n'kuombera kawiri kapena katatu tsiku lonse. Nkhanga imakonda kuthamanga pansi, imauluka pokhapokha yapanikizika. Nkhwali imabuka pamapazi pako penipeni, masekondi awiri yalowa kuseri kwa chitsamba. Mfuti yolemera kwambiri ikakhala m'manja otopa imafika paphewa mbalame itapita kale. N'chifukwa chake mfuti zosakira mbalame za kumtunda amazisula za makilogalamu 3 kapena kupitirira pang'ono, za paipi ya masentimita 71, zokhazikika pakati pa manja. Wodikira abakha ndi atsekwe m'bango, amene sayenda ndipo mbalame zake zimadutsa m'mwamba pa liwiro limodzi, ameneyo yolemerako imamuthandiza.

Ndiye mfundo yanga si yakuti yolemera ndi yabwino nthawi zonse. Mfundo ndi yakuti kulemera kwa mfuti, kulemera kwa machaka, ndi ntchito imene mukukagwira ziyenera kugwirizana. Yopepuka ipatseni machaka opepuka. Nkhafi ya mwana ndi nkhafi ya bambo sizifanana, ndipo palibe amene amapalasa ndi mtengo wa denga kuti aoneke wamphamvu.

Palinso bodza lina lobadwa m'bodza loyamba lija, lakuti chipolopolo cholemera chimafika patali. Chifefe chimapha bwino mpaka mamita 35 kapena 40. Kupitirira apo machaka amakhala atamwazika ndipo atafooka. Mukawonjezera machaka simunawonjezere liwiro lawo, mwangowonjezera mbalame zovulala. Kuombera pakati pa gulu lili patali n'kumayembekeza kuti imodzi igwa si ulenje. N'chimodzimodzi kukoka neti ya udzudzu m'mphepete mwa nyanja: watola ndowa imodzi, waononga nsomba za mabwato khumi za chaka chamawa.

Ife a kunyanja tikudziwa mathero a khalidwe limeneli. Tinkamva akuluakulu akunena kuti chambo sichingathe. Lero mwana wa msodzi amachiona chambo pambale ya mlendo kuhotela. Koma tikudziwanso kuti anthu akapangana zinthu zimatheka. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Mfumu Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula chaka chilichonse, ndipo asodzi amamvera, n'chifukwa chake utaka ulipobe kumeneko. Ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar, osaka mbalame anakhazikitsa magulu awo, n'kupatula malo oti mbalame ziziswana osasokonezedwa. Nanga kuno? Nkhanga imaikira mazira nyengo ya mvula. Mukalasa thadzi mu Januwale n'kuthawa ndi bala, simunataye mbalame imodzi. Mwataya chisa chonse. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ife anthu tikudikira chiyani?

Za malamulo ndisabise. Mfuti imafuna chiphaso cha kupolisi, ndipo chiphaso cha amalume si chanu. Kusaka mbalame kumafuna chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire. Nkhalango ya Perekezi ndi yotetezedwa, Kasungu ndi Vwaza ndi malo otetezedwa, simungalowemo ndi mfuti. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Za gogodela wosula kumudzi, wa paipi yamadzi ndi wonga wongoyeza ndi maso, sindikambako za balansi n'komwe. Ameneyo funso lake si lakuti amenya bwanji phewa, ndi lakuti aphulika liti ndipo atenga zala zingati.

Tsono kwa inu amene muli ndi chiphaso ndipo mukufunadi kukhala alenje, nazi zochepa zoti muchite sabata ino, zosafuna ndalama. Pitani nayo mfuti yopanda chipolopolo pasikelo ija yoyezera chimanga, mudziwe kulemera kwake. Werengani pabokosi la zipolopolo magalamu a machaka, muchulukitse ka 96, muone ngati zikugwirizana. Ikhazikeni pachala mupeze pamene yakhazikika. Kenako m'nyumba, mutaonetsetsanso kuti mulibe kanthu ndipo palibe munthu kutsogolo, inyamuleni kufika patsaya ndi paphewa, mutsate mzere wa khoma ndi denga kuchoka ngodya ina kufika ngodya ina osaima, kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo. Mtengo wa mfuti uzibwera patsaya, osati mutu kutsikira kumtengo. Mukapita kutchire yezani mamita 35 ndi mapazi, muone mmene mtundawo umaonekera, ndipo chilichonse chopitirira apo chisiyeni chipite. Mbalame ikavulala, siyani zina zonse muifunefune mpaka muipeze. Ndipo musanakhethemule dziwani chimene chili kuseri kwa mbalameyo, chifukwa m'madimba a kuno muli amayi akuthirira tomato ndi anyezi, m'madambo muli ana akuweta ng'ombe.

Kwa inu amene mulibe chiphaso, musabwereke. Nkhuku ya pamsika wa Jenda ndi yotchipa kuposa loya.

Ndikudziwa kuti ena mukwiya, munena kuti wa usipa watinyoza. Sindinanyoze munthu. Ndatsutsa bodza. Alenje achikulire amene ndayenda nawo sakamba za mmene mfuti yawo imamenyera. Amawerenga zipolopolo zimene anatenga pochoka ndi mbalame zimene abwera nazo, ndipo manambala awiriwo amayandikana. Mnyamata amene watenga zipolopolo khumi n'kubwera ndi nkhanga imodzi ndi phewa lotupa, mufunseni mwaulemu kuti zisanu ndi zinayi zija zinapita kuti. Zina zinapita m'mwamba. Zina zili m'thupi la mbalame imene ikufa pansi pa chitsamba panopa.

Amene ali ndi masamu otsutsa awa abwere nawo, tikambirane pagulu pomwe pano. Koma akhale masamu, osati mikwingwirima.

Tumizani kwa m'bale wanu aliyense amene ali ndi mfuti m'nyumba, makamaka kwa amalume amene amabwereketsa.